Mafupa a Kapitawo Pansi pa Karinya

Amene mukufuna kuseka sekeranitu tsopano, chifukwa ndikayamba sindiima, ndipo sindifuna kuti wina adzandidule mawu pakati monga anachitira a Bernardo ogulitsa petulo wa m'mabotolo awa chaka chatha. Ine ndine Anastaziyo Mbewe, mphunzitsi wopuma, amene ndinaphunzira Chilatini ku seminale ambiri a inu makolo anu asanatomerane. Ndakhala pa msika wa Chifunde pano kuyambira m'mawa kudikira chapa ichi, minibasi yathuyi, chimene chiyenera kutitengera ku Mualadzi, ndakhala pansi, ndaimirira, ndazungulira mtengo uwu, ndakhalanso, koma mtima ukukana kukhazikika, pakuti ndikuona amuna a ndevu zawo akumenya gudumu la kutsogolo ndi nyundo ngati laba mbuzi. Gudumu silimenyedwa, abale anga. Gudumu limafunsidwa, ndipo limayankha. Ine ndinalifunsa pa tsiku limene moyo wa mkazi wanga unali pa yankho lake, ndipo zimene ndikuuzeni ndi zoona ngati ubatizo wanga.

Inali nthawi ya nkhondo ya ufulu, itangofika kumene kwathu kuno, pamene masana dziko linali la atropa, asilikali a Chipwitikizi, dzuwa likalowa n'kukhala la anyamata a m'tchire, ife eni ake tili pakati ngati chimanga pakati pa mtondo ndi munsi. Ndinkaphunzitsa pa kashikola ka misoni kuseri kwa Mualadzi, ndipo ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Rozalina, pa khomo la amayi ake a Nachisale. A Nachisale anali azamba a mudzi wonse, mayi wamasiye, wamtali, wosaseka pachabe, amene ankalima munda wawo okha ndi khasu la ng'ombe pa nthawi imene akazi ena ankaopa ngakhale kukhudza goli.

Apa ndiyenera kufotokoza zinthu ziwiri, chifukwa mukapanda kuzimvetsa nkhani yonse ikuthawani. Choyamba ndi ulemu. Inu a lero mumakwera njinga yamoto imodzi ndi apongozi anu atakugwirani m'chiuno. Nthawi yathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankakhala mphasa imodzi, ndipo mawu sankapita mwachindunji, ankadzera pa chinthu china. A Nachisale akafuna kundiuza kanthu ankaima chondifulatira n'kuuza nkhokwe, ine n'kuyankha nkhokwe yomweyo, moti nkhokwe ya pa khomo paja inkadziwa nkhani za banja lathu kuposa wansembe wa kulapa.

Chachiwiri ndi lamulo la msewu. Anyamata a m'tchire ankakwirira mabomba mu msewu wa fumbi uja, ndipo atropa sankayenda galimoto imodzi yokha, ankayenda mndandanda umene ankautcha koluna: kutsogolo asilikali a pansi akubaya dothi ndi timitengo ta chitsulo, pambuyo pawo chigalimoto cholemera chodzaza matumba a mchenga, kenako ena onse. Tsono wobwera pambuyo aliyense, kaya ndi msilikali, kaya ndi wamalonda, kaya ndi munthu wapansi, ankadziwa chinthu chimodzi: ponda pamene mnzako wapondapo. Gudumu lako lilowe ndendende mu mzere wa gudumu la koluna. Ukaphonya ndi chikhato chimodzi chokha, abale ako adzakutola m'nthambi. Ndipo mizereyo sinkakhalitsa, pakuti mvula ikagwa inkafufutika, mdima ukagwa anyamata ankabwera kudzakwiriranso. Mukumva? Msewu unali wotseguka kwa munthu wa gudumu lomvera, ndiponso kwa tsiku lomwelo basi.

Rozalina matenda a uchembere anamuyamba dzulo lake, mwana wathu woyamba. M'mawa umenewo koluna inadutsa kulowera kumwera, fumbi lake likanali m'mwamba, pamene a Nachisale anatuluka m'chikuta, manja ali lende, n'kukaima pa nkhokwe chondifulatira. Anati, "Iwe nkhokwe, uwauze aphunzitsi kuti mwana wagona chopingasa. Manja anga alephera. Rozalina akapanda kufika kwa a Irima dzuwa lisanalowe, tiika maliro awiri."

A Irima anali sisitere wa pa chipatala cha misoni kutsidya kwa mtsinje wa Luwiya, mtunda woti munthu wapansi sangaumalize tsiku limodzi atanyamula machira. Ndinayang'ana kum'mawa, ndipo kuseri kwa mapiri mtambo wakuda unali utayamba kale kutukula mutu.

Galimoto m'dera lonse inalipo imodzi, karinya ya misoni imene a Padiri anaisiya pansi pa mtengo wa mango boma litawalamula kuti achoke. Inali yakale kwambiri moti pa chitseko chake panali dzina la mfumu ya ku Ulaya imene ngakhale Apwitikizi eni ake anali ataiwala. Injini yake inali yamoyo, imeneyo sindinkaikayikira. Vuto linali miyendo ya kutsogolo. Anthu ankaitcha Chimtali, chifukwa ikamayenda mphuno inkapita uku chiuno chikupita uko ngati mayi wa pa bwalo la gule, ndipo a Padiri akamapita kukachita misa ku midzi, ankafika m'mudzi umene karinya yasankha, osati umene iwo alonjeza. Galimoto yotero kuiika pa msewu wa mabomba kunali kukumba manda ndi chiwongolero.

Makako, chida chija chokwezera galimoto, anali atapita ndi a Padiri, choncho ndinavula malaya a ku shikola, ndinalowa pansi pa mphuno ya karinya, ndinaika msana pa chitsulo chopingasa, n'kuimirira nayo monga munthu amaimirira ndi thumba la mtedza, kwinaku ndikukoka mtondo wa apongozi ndi chala cha kuphazi mpaka unalowa pansi pake. Pamenepo ndinayamba kufunsa gudumu, ndipo inu a nyundo tcherani khutu. Umagwira dzanja limodzi pamwamba pa gudumu, lina pansi, n'kugwedeza ngati ukudzutsa munthu woledzera. Gudumu labwino limakhala chete. Ili linalira gu, gu, gu, mokweza moti m'midzi itatu anthu anasiya makasu poganiza kuti ndi ng'oma ya maliro. Kulira kumeneko kumatanthauza kuti rotula yatha, ndipo rotula si chinthu chachilendo ayi, ndi mpira wa chitsulo wokhala m'kachikho kake, umene umalola gudumu kutembenuka ndi kukwera ndi kutsika koma osachoka pamalo, ndendende monga fupa la ntchafu yanu likhalira m'chiuno. Nditasuzumira ndinapeza kuti kachikho ka kumanja kanali katakula chifukwa cha kudyeka mpaka nkhuku ya apongozi inali itaikiramo mazira n'kumafungatira, ndipo m'ka kumanzere munali banja la mbewa lokhala ndi nkhokwe yakeyake.

Sindinaime pamenepo. Umagwiranso gudumu kumanja ndi kumanzere n'kugwedeza, kuti umve ngati ndodo zochokera ku chiwongolero zikugwira. Za Chimtali zinali zomasuka kotero kuti ukapotoza chiwongolero lero, uthenga unkafika ku magudumu monga dandaulo la munthu wakuda linkafikira ku boma, ndiye kuti mwezi wa mawa, ndipo utasinthidwa. Timphira tonse timene timakhala pakati pa chitsulo ndi chitsulo kuti zisamadyane tinali titadyedwa ndi mbuzi. Zitsulo zopindika zija zonyamula kulemera, zimene timati mola, zokhazo ndizo zinali zamoyo. Koma amortesedori, chimene ntchito yake ndi kuletsa mola kuti isamangodumpha, chinali chitafa kalekale. Mayeso ake ndi apafupi: umakankhira ngodya ya galimoto pansi n'kuisiya, ndipo yabwino imadzuka kamodzi n'kukhala bata. Chimtali ine ndinali nditaitsamira mwangozi m'chilimwe chapitacho, ndipo tsiku limenelo inali ikugwedezabe mutu ngati sipayo, wapolisi wachikuda wa Apwitikizi, pamaso pa mkulu wa posito ya boma, moti amayi a m'mudzi ankaikapo zipanda za mkaka m'mawa n'kudzatenga chambiko masana.

Tsono matenda ndawapeza, koma mankhwala ali ku Tete, kutsidya kwa Zambezi, ndipo m'chikuta muja Rozalina wasiya kulira mokweza, wayamba kubuula chapansipansi, kumene kuli koopsa kuposa kulira. Ndinazungulira karinya ija ndikuganiza, ndinazungulira, ndinazungulira, mapazi osandilola kuima, mpaka ndinakumba ngalande yofika m'mawondo imene mpaka lero imasunga madzi mwezi wa Okutobala, ndipo pozungulira pamenepo maso anga anagwera pa mafupa oyera amene anali pansi pa denga la nkhokwe.

Mafupawo anali a ng'ombe ziwiri za a Nachisale, Kapitawo ndi Sabata, zimene atropa anaziwombera n'kudya nyama yake mwezi umene ankasamutsira anthu ku midzi ya mpanda. Mayi aja sanalire pamaso pa anthu, anangotola mafupa n'kuwasunga. Tsono inu amene simunagwirepo khasu la ng'ombe mverani. Pa goli ng'ombe ziwiri sizigwira ntchito yofanana. Ya kumanzere imayenda pa nthaka yosalima, koma ya kumanja imayenda mu mzere umene khasu latsegula ulendo wapitawo, ndipo munda wonse kuwongoka kwake kumadalira ng'ombe imeneyo. Sabata anali wa kumanzere, waulesi monga dzina lake. Kapitawo anali wa kumanja, ndipo moyo wake wonse sanatulukepo mu mzere: ankalima ali m'tulo mzere n'kuwongoka ngati ulusi, ndipo tsiku lina anapeza mkukuluzi wa nsato pa mchenga, n'kuutsata mpaka ku malire a Zambia poyesa kuti ndi ntchito imene wapatsidwa. Mukumva? Kwa ng'ombe yotero, mzere wa khasu ndi mzere wa gudumu la koluna ndi chinthu chimodzi.

Ndinavula chipewa n'kuuza nkhokwe kuti iwafunse mayi ngati angandibwereke chiuno cha Kapitawo ndi cha Sabata. A Nachisale anayang'ana mafupa aja. Kenako anati, "Nkhokwe, uwauze atenge. Koma Kapitawo ndi wa kumanja. Akamuika kumanzere sayenda."

Zimene manja awa anachita kuyambira pamenepo, mabuku a ku Lisboa sanazilembe. Parafuzu za dzimbiri, mabawuti aja, zimene zinakana kumasuka ndinazimasula ndi mano, ndipo mpata uwu mukuuona kutsogolo kuno ndi umboni wake, aliyense wofuna abwere alowetsemo chala. Ndinasamutsa nkhuku ndi mazira ake mwaulemu, ndinathamangitsa mbewa, ndinadula mutu wa fupa la ntchafu pamodzi ndi chikho chake cha m'chiuno, ndinazisema ndi kampeni kanga kosongolera mapensulo, ndinazipaka mafuta a nsatsi, n'kuika za Kapitawo kumanja, za Sabata kumanzere, n'kuzimanga ndi parafuzu zimene ndinazula pa mtanda wa belu la gereja, tchalitchi chathu, nditapepesa kaye kwa Mwini wake. M'malo mwa timphira ndinatenga chikoti cha chikopa cha mvuu chimene sipayo wina anataya pothawa, ndinachidula timphete timphete n'kutilowetsa pakati pa zitsulo, ndipo kanali koyamba chikoticho kuletsa zinthu kupwetekana. Za amortesedori ndinaganiza motere: ntchito yake ndi kukakamiza madzi olemera kudutsa pa kabowo kakang'ono, kuti kudumpha kutope kusanafike kwa wokwera, tsono madzi olemera kuposa onse m'dziko muno ndi uchi. Ndinadula nsungwi ziwiri zonenepa, ndinakwera mu mtengo wa mbawa mmene munali mng'oma wa a Padiri, ndinafinyira uchi m'nsungwimo njuchi zikundiyang'ana modabwa, n'kulowetsamo mipini ya makasu yobooledwa pakati.

Chotsala chinali kuwongola magudumu, ndipo apa ndi pamene amisiri ambiri amagwera. Magudumu a kutsogolo sayenera kuyang'ana kumodzi ngati alendo osadziwana, komanso sayenera kupenyana. Ayenera kupendekerana pang'ono chabe, aliyense adziwe kuti mnzake alipo koma osamuyang'ana kumaso, monga mkamwini ndi apongozi ake. Ndinayeza ndi ulusi umene ndinasolola pa mpendero wa buluku langa, ndinatsitsa karinya pa mtondo, ndinaikankhira pansi n'kuisiya, ndipo inadzuka kamodzi n'kukhala duu ngati mwana wa shikola woyang'anira akalowa. Zonsezi ndinazimaliza madzi amene apongozi anateleka pamoto pamene ndinkayamba ntchitoyi asanawire. M'thanki ndinathiramo kachasu wa mutu, injini inatsokomola, inayetsemula, n'kuyamba kuimba.

Tinamugoneka Rozalina pa mphasa kumbuyo, amayi ake ali pambali pake, ndipo tinanyamuka. Abale anga, Chimtali imene inkavina inayenda ngati chipolopolo, ine n'kuyamba kale kudziyamikira mumtima. Koma titangoyenda mtunda wofanana ndi kutalika kwa munda wa a Nachisale, gudumu la kumanja linapotoka lokha, la kumanzere linatsatira monyinyirika, karinya inatembenuka bwinobwino n'kuyamba kubwerera kumudzi. Ndinalimbana ndi chiwongolero, koma kunali ngati kulimbana ndi mlamba. Titafika pa mtengo wa mango inatembenukanso. Sayansi yanga inalibe cholakwa, ng'ombe ndiyo inali yokhulupirika mopitirira: ng'ombe ya pa goli ikafika kumapeto kwa munda imatembenuka, pokhapokha mwini wake aiuze kuti ipitirire. Tinapita, tinabwerera, tinapita, tinabwerera, mpaka bwalo la shikola lonse linasanduka mizere yoti n'kudzalamo, mtambo uja wafika kale pakati pa thambo, mphepo yayamba kununkha dothi lonyowa. Ndinamulamula Kapitawo m'Chinyanja, m'Chipwitikizi, ndi m'Chilatini chimene ziwanda zomwe zimamvera, koma sankadziwa mawu anga. A Nachisale anayesa kuitana ali kumbuyo, koma mawu awo ankatayika m'phokoso la injini, pakuti Kapitawo anazolowera kuwamva ali pafupi ndi mchira wake. Karinyayo inachokera ku Ulaya, chiwongolero chili kumanzere, ndiye kuti malo okhawo amene Kapitawo akanamva mwini wake anali mpando wa kumanja, pambali panga penipeni, ntchafu kugundana ndi ntchafu.

Ndinauza chiwongolero kuti chiwapemphe mayi abwere kutsogolo. Iwo anauza denga la karinya kuti chiyambire makolo chinthu chotero sichinachitikepo, ndipo sichiyambira pa iwo. Ine ndinali thukuta lokhalokha, ndipo tinali titatembenukanso kachikena pamene Rozalina, amene kuyambira m'mawa sanatulutse liwu lomveka, anadzutsa mutu pa mphasa paja. Anati, "Amayi, khalani kutsogolo. Manyazi mudzachita mawa, ine ndikadzakhalapo woti ndikuoneni."

Ndinaimitsa karinya, ndinapachika mphasa ina kuchokera kudenga mpaka pansi pakati pa mipando iwiri ija, ndipo ndinamva chitseko cha kumanja chikutseguka, mpando n'kulira. Kuseri kwa mphasa kunatuluka mawu amene ndinkawamva kale m'mamawa ku munda: "Tiye, Kapitawo. Mumzere. Pitirira, bambo, munda wa lero ndi wautali."

Gudumu la kumanja linanjenjemera ngati khungu la ng'ombe ikamva dzanja lodziwika, linafunafuna pansi, linapeza mzere wa koluna, n'kulowamo ngati phazi mu nsapato yake. Kuyambira pamenepo tinathamanga, mitengo ya misuku ikudutsa ngati mpanda, mayi akuuza Kapitawo kuti awauze aphunzitsi achepetse pa chitsikira, ine ndikuuza Chimtali kuti iwauze mayi kuti ndamva, uthenga ukuyenda kuchoka kwa munthu kupita kwa ng'ombe, kwa ng'ombe kupita ku galimoto, ku galimoto kubwera kwa munthu, mofulumira kuposa lamya ya boma, ndipo uchi uja utatenthedwa ndi ntchito unayamba kununkhira, njuchi za m'mapiri onse kuyambira ku Nsadzo zinabwera n'kupanga denga lakuda pamwamba pathu, moti pa mpanda wa atropa msilikali amene anakweza dzanja kuti tiime anamaliza ndi kukweza manja onse awiri akuthamangira m'dzenje lake, ndipo m'tchire ndinaona ndi maso angawa anyamata a mfuti, amene ankadziwa pamene anakwirira bomba lililonse, ataimirira n'kuvula zipewa poona gudumu likudutsa pakati pa ntchito yawo ngati singano m'nsalu. Mukumva? Ndipo pa mabampu onsewo Rozalina sanagwedezeke ngakhale pang'ono, chikho cha madzi chimene chinali pambali pake sichinatayike dontho.

Mvula inatipeza pa chitsikira cha ku Luwiya. Sinayambe ndi madontho, inangogwa yonse pamodzi ngati wina wagubuduza mtsuko, njuchi zinabalalika, msewu unasanduka mtsinje wofiira, ndipo mizere ya koluna, imene inali moyo wathu, inazimirira ndikuiona. Ndisanaganize chochita, chimphepo chinalowa pa zenera langa, chinazula mphasa ija n'kuitulutsira pa zenera linalo, ndipo mwadzidzidzi pakati pa ine ndi apongozi anga panalibe kanthu. Thupi limachita zimene linaleredwa nazo mutu usanafunsidwe. Ine ndinatembenuzira nkhope kunja kwa zenera la kumanzere, mvula ikundimenya m'maso, iwo anadzifunditsa chitenje kumutu mpaka m'khosi, ndipo karinya inali ikutsika phiri pa msewu wa mabomba popanda munthu ndi mmodzi yemwe woyang'ana kutsogolo.

Rozalina anafunsa ali kumbuyo kuja, "Kodi akuyendetsa ndani?"

Ndinati, "Kapitawo."

Ndipo ndinachotsa manja pa chiwongolero, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa cha kuwerengera: ng'ombe ya kumanja sitsata mzere ndi maso, imautsata ndi chiboda, ndipo amene analimapo m'dambo mwezi wa Januwale akudziwa kuti pansi pa madzi mzere umakhalapobe, wolimba pang'ono kuposa matope a m'mbali. M'kati mwa chitenje muja mawu ankatulukabe, otsika, osanjenjemera, akuti mumzere bambo, mumzere, watsala pang'ono, ndipo ndinkamva m'msana mwanga gudumu likupapasa, likukana apa, likuvomera apo. Sabata yekha ndiye anatichititsa manyazi, pakuti pafupi ndi mlatho ulesi wake unamugwira, anatsalira, n'kuponda pa bomba penipeni, ndinamva chitsulo chake chikukhudza gudumu. Koma uchi uja unali utafewetsa phazi la karinya kotero kuti bombalo linayesa kuti lagweredwa ndi tsamba. Linakhala likusinkhasinkha ife tikuwoloka mtsinje, ndipo pamene linazindikira kuti ladutsidwa ndi galimoto yathunthu, linaphulika lokha ndi manyazi, n'kusiya dziwe lija mumamwetsapo mbuzi mukamapita kumeneko.

Pa khonde la chipatala mayi anati "Hoo," ndipo karinya inaima osaponda buleki. A Irima anatuluka ndi anthu awo, anamunyamula Rozalina, a Nachisale analowa nawo chitenje chikadali kumutu, chitseko n'kutsekedwa. Ine ndinayesa kukhala pa benchi, benchi linandikana. Ndinazungulira chipatala chija mvula ikundikhuthukira, ndinapita kukagwedeza magudumu amene sankafunika kugwedeza, ndinabwerera, ndinazunguliranso, ndikunena mapemphero onse amene ndinkawadziwa mpaka anatha n'kuyamba kutchula mayina a mitsinje ya ku Ulaya. Dzuwa linali litatsala chala chimodzi kuti lilowe pamene ndinamva kulira kwa khanda, kokwiya, kwamphamvu. Patapita kanthawi a Nachisale anatuluka, anayenda mpaka pa karinya, anaika dzanja pa gudumu la kumanja, n'kunena chondifulatira, "Kapitawo, uwauze aphunzitsi kuti ndi wamkazi. Onse awiri ali moyo."

Rozalina anakhala nane zaka zambiri pambuyo pake, akutsutsa chilichonse chimene ndanena, Mulungu amusunge. Karinya sinakhalitse. Mvula yoyamba ya chaka chotsatira itagwa, tinadzuka pansi pa mango palibe kanthu, ndipo tinamva kuti yalima minda ya anthu mudzi ndi mudzi osafuna malipiro. Amene anaiona komaliza anaiona ikulowera ku Nsadzo ikusiya mzere m'mbuyo, ndipo mzere umenewo ndi njira imene njinga zanu zimadutsamo lero. Mwanayo tinamubatiza Esperansa, ndipo si wa m'nthano ayi, ndi mayi uyo wakhala apoyo akugulitsa nyemba, amene akundiyang'ana ndi diso la amayi ake.

A Bernardo, ndakuonani mukunong'oneza mnzanuyo, ndipo ndikudziwa chimene mukunena. Mukuti munamufunsa Esperansa, ndipo anakuuzani kuti agogo ake ankati ulendo umenewo unali wa pa ngolo, yokokedwa ndi Kapitawo ndi Sabata ali amoyo ndi nyanga zawo, ine ndikuyenda kutsogolo mu mzere wa koluna, chingwe kumanja, misozi ndi mvula zikusakanikirana, ndipo kuti karinya sinachokepo pansi pa mango mpaka dzimbiri linaimaliza nkhuku zikuswera momwemo. Chabwino, tiyeni tiyese mboni zanuzo monga anthu ophunzira. Esperansa ulendo wonsewo anali m'mimba, ndipo atatuluka anatuluka maso ali otseka. Rozalina anali chagada, akuona denga lokha. Apongozi anga anali ndi chitenje kumutu, ndipo moyo wawo wonse, mwa ulemu wawo, sanandiyang'anepo. Akanadziwa bwanji chimene ndinkayendetsa? Pa onse amene tinayenda tsiku limenelo, wa maso otsegula ndinali ine ndekha, ngakhale kuti ndinkayang'ana kumbali.

Tsono ikani nyundoyo pansi, chapa ichi chitichedwetsa mpaka liti. Dzanja limodzi pamwamba pa gudumu, lina pansi, gwedezani. Mwamva kulirako? Ndi rotula imeneyo. Wina athamangire kwa ogulitsa nyama uko akatenge mafupa a m'chiuno, koma asanalipire afunse kaye ngati ng'ombe ya leroyi inali ya kumanja.